Gwape wonenepa yemwe anapezeka ndi CWD m'mapiri a Laramie

Lipoti ili likunena za bambo wina wa zaka za m'ma 50, mlenje wa kalekale, yemwe anapha gwape wamphongo wa mtundu wa mule deer m'mapiri a Laramie, kum'mwera kwa tauni ya Douglas m'boma la Converse m'chigawo cha Wyoming ku United States, ndipo gwapeyo atapimidwa anapezeka ndi matenda a chronic wasting disease, kutanthauza matenda owondetsa pang'onopang'ono, omwe pantchito timangowatchula kuti CWD. Ine ndine dokotala wa nyama, ndipo m'nyengo yosaka ndimathandiza nawo pa malo ena a m'mbali mwa msewu pomwe alenje amaima kuti tione zomwe apha ndi kudulapo tizidutswa tokapima ku labotale. Agwape opezeka ndi matendawa m'dera limeneli si achilendo, moti ndikanati ndizilemba za aliyense bwenzi mapepala atandithera. Nkhani iyi yokha ndailemba chifukwa m'masabata ochepa a pakati pa kuwombera ndi kulandira zotsatira, nyama ya gwape mmodzi inafika m'mimba mwa anthu, m'makina a butchala, m'mafiriji a nyumba zitatu ndiponso m'dothi la pafamu, chonsecho mlenjeyo anali munthu wosamala yemwe anaima mwa kufuna kwake kuti nyama yake ipimidwe.

Ndikugwiritsa ntchito dzina loti gwape chifukwa ndi lomwe tili nalo pafupi, koma owerenga adziwe kuti nyama izi si za banja limodzi ndi gwape, mbawala kapena mphalapala za ku Africa. Ndi za banja lina lomwe nyanga zake zimathothoka chaka chilichonse n'kumera zina, ndipo m'banjamo muli mule deer, white-tailed deer, elk, moose ndi reindeer. Matenda a CWD amagwira nyama za banja limeneli, ndipo mpaka pano apezeka ku United States, Canada, South Korea, Norway, Finland ndi Sweden.

Pa malo opimira

Bamboyo anafika madzulo ena a mwezi wa October ali ndi mwana wawo wamwamuna, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunali nyama ziwiri. Yoyamba inali gwapeyo, yemwe anamuwombera iwo eni dzulo lake n'kungomutumbula, moti mutu ndi msana zinali zikadali pamodzi ndi thupi. Yachiwiri inali elk wamkazi yemwe anamuwombera mwanayo m'chigwa china chapafupi; popeza elk ndi nyama yaikulu yosatheka kuinyamula yathunthu, anadula miyendo ndi minofu komweko, msana n'kuusiya kutchire, ndipo mutu anaubweretsa m'thumba lapadera. Gwapeyo ndinamuyang'ana bwinobwino. Ubweya unali wosalala ndi wonyezimira, nthiti sizinkaoneka, mafuta anali okhuthala pamatako ndi m'mbali mwa impso, ndipo pachibwano panalibe ubweya womatana ndi dovu monga zimakhalira ndi nyama yomwe matendawa afika nayo patali. Kutha kwa mano kunasonyeza kuti anali ndi zaka zinayi kapena kuposerapo pang'ono. Bamboyo anafotokoza kuti anamuonerera nthawi yaitali asanawombere, ndipo ankadya msipu pamodzi ndi amphongo anzake awiri, makutu ali tcheru. Nditatulutsa mpeni anaseka n'kunena kuti, "Adokotala, pa ameneyu mukungodzitayitsa nthawi, taonani mafutawo."

Chomwe timadula pa gwape ndi timibulu tiwiri ta m'kati mwa khosi, ta mtundu womwewo wa tija timatupa mwa munthu tikamati watuluka mwanabere. Mutu timaugoneka chagada, n'kudula khosi mopingasa kuseri kwa nsagwada, kenako timakokera kholingo kutsogolo. Timibuluto timakhala mbali zonse ziwiri, pakati pa kholingo ndi tsinde la chigaza, kalikonse kokula ngati nsonga ya chala chachikulu, kolimba ndi kotuwirako. Munthu wosazolowera amatisokoneza ndi tiziwalo totulutsa malovu tomwe tili pafupi pomwepo, tofewa ndi togawikagawika, ndipo labotale ikalandira timeneto imangobweza yankho loti palibe chopima. Pa elk ndinatenganso kachidutswa ka pomwe ubongo umalumikizana ndi mtsempha waukulu wa mumsana, kotchedwa obex, chifukwa elk ena odwala amaonetsa matendawa pamenepo pomwe m'timibulu ta m'khosi simukuoneka kanthu.

Ndinalemba manambala, ndinawafunsa malo enieni omwe nyama iliyonse inagwera, ndipo ndinawauza kuti zotsatira zimatuluka pakatha masabata awiri kapena atatu. Kumbuyo kwawo kunali kutandanda magalimoto ena ndipo dzuwa linali litapendeka kwambiri. Ndinaona kuti fileti ya m'kati mwa msana wa gwapeyo panalibe, koma sindinafunse kuti yapita kuti, ndiponso sindinafunse komwe nyamayo inkalowera ikachoka pamenepo.

Zotsatira ndi zomwe zinali zitachitika kale

Patatha masabata awiri ndi theka zotsatira zinatuluka: gwape anapezeka ndi CWD, ndipo mwa elk matendawa sanapezeke. Kupima kumayamba ndi njira yachangu yotchedwa ELISA, ndipo njira yomwe imadaliridwa potsimikiza ndi immunohistochemistry, pomwe kachidutswa kopyapyala kamapakidwa utoto wogwira puloteni ya matendawa n'kuonedwa pa maikulosikopu. Mawu a pa pepala la elk ndi oyenera kuwamvetsa monga alembedwera. Pepalalo silinena kuti nyamayo ilibe matenda, limangonena kuti sanawapeze, pakuti nyama yomwe yangotenga kumene ikhoza kukhala ndi puloteni yochepa kwambiri yosafika pooneka. Kupimaku kunakonzedwa kuti tizidziwa m'mene matendawa akuyendera m'magulu a nyama zakutchire, ndipo alenje amapezerapo chabe mwayi wodziwa za nyama yawo.

Bamboyo anandiimbira lamya tsiku lomwe anaona zotsatirazo, mawu akuchita kunjenjemera, ndipo ndinawapempha kuti andifotokozere mwandondomeko chilichonse chomwe chinachitika kuchokera pomwe gwapeyo anagwa. Usiku wa tsiku lowombera, iwo ndi mwana wawo anawotcha mtima ndi fileti ija kumsasa n'kudya, monga amachitira chaka chilichonse. Atafika kufamu kwawo, komwe ndi ulendo wa maola angapo kuchokera kumapiriko, anasenda gwapeyo m'shedi, anadula msana ndi sowo kuti apeze nthuli za mafupa, ndipo sowo yomweyo ndi yomwe anadulira chigaza pochotsa nyanga. Minofu anaidulira pa thabwa la kukhitchini ndi mipeni yomwe mayi a m'nyumbamo amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Tizidutswa totsala ta gwape ndi ta elk anatiponya m'chidebe chimodzi n'kupita nato ku butchala ina kuti akapange soseji, ndipo sosejiyo itabwera anaigawa patatu: ina kunyumba kwawo, ina kwa mwana wawo wamkazi wokwatiwa, ina kwa mnansi wawo yemwe amawathandiza pa ntchito za pafamu. Mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi anali atadya sosejiyo kawiri. Mutu wodulidwa uja, msana ndi chikopa anakaziponya m'chigwembe cha kumapeto kwa famu, pafupi ndi kamtsinje komwe agwape a mtundu wa white-tailed amabwera kudzamwa.

Funso lawo loyamba silinali la mdzukulu. Anafuna kudziwa ngati labotale sinasokoneze manambala, chifukwa m'maganizo mwawo nyama yonenepa chotere singakhale yodwala. Kukayika kumeneku ndimakumana nako chaka chilichonse, ndipo ndi komveka, pakuti dzina lenilenilo la matendawa limanena za kuwonda. Koma matendawa sabwera ndi kachilombo kapena mabakiteriya. Chomwe chimawayambitsa ndi puloteni ya m'thupi mwa nyama yomweyo, yomwe yapindika molakwika, ndipo ikakhudza inzake yabwinobwino imaipindanso chimodzimodzi, mpaka zopindikazo zimaunjikana ndi kuboola ubongo timabowo tambirimbiri ngati siponji. Stanley Prusiner anazitcha ma prion mu 1982 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1997 chifukwa cha ntchitoyo. Popeza puloteniyo ndi ya thupi lomwelo, chitetezo cha m'thupi sichiiona ngati mdani, ndipo palibe katemera kapena mankhwala. Gwape akatenga matendawa amatha chaka ndi theka, zaka ziwiri kapena kuposerapo akudya, kuthamanga ndi kubereka ngati anzake. Kuwonda, dovu, makutu ogwa, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kungoima osathawa munthu, zonsezi ndi za miyezi kapena masabata omaliza, ndipo agwape ambiri odwala amafa ndi mfuti, galimoto kapena mkango wa m'mapiri asanafike pamenepo. Nthawi yonseyi ma prion amakhala ali kale m'timibulu tija ndipo amatuluka m'malovu, mkodzo ndi ndowe. Mu 2006 ofufuza a ku Colorado State University anasonyeza kuti malovu ndi magazi a gwape wodwala amapatsira gwape mnzake, ndipo chaka chomwecho a ku University of Kentucky anapeza ma prion mu mnofu weniweni womwe anthu amadya.

Ndinawafotokozeranso kuti malo omwe anasankha kukasaka ndi amodzi mwa malo akale kwambiri a matendawa. CWD inaoneka koyamba mu 1967 mwa agwape oweta pa malo ofufuzira pafupi ndi Fort Collins ku Colorado, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ndi vuto la zakudya, kufikira mu 1978 pomwe Elizabeth Williams, yemwe pambuyo pake anagwira ntchito zaka zambiri m'tauni ya Laramie ku Wyoming, anaona timabowo tija mu ubongo n'kuzindikira kuti ndi matenda a gulu limodzi ndi scrapie ya nkhosa. Kutchire anapezeka mwa elk wa ku Colorado mu 1981, ndipo ku Wyoming anapezeka mwa mule deer mu 1985 ndi mwa elk mu 1986. Lero afika m'zigawo zoposa 30 za United States, ndipo mu 2023 anatsimikizidwa m'nkhalango ya Yellowstone. Melia DeVivo ndi anzake a ku University of Wyoming anatsata agwape ovekedwa mikanda ya wailesi kum'mwera kwa boma la Converse kuyambira 2010 mpaka 2014, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la amphongo ndi 30 mwa akazi 100 aliwonse omwe anawagwira anali ndi matendawa. Mwa agwape 100 opanda matenda, 76 ankafika chaka chotsatira ali moyo, pomwe mwa 100 odwala ankafika 32 okha, ndipo gulu lonselo linkachepa ndi pafupifupi 21 pa 100 chaka chilichonse. Gwape wamphongo wa zaka zinayi wa m'dera lotere ndi amene ali patsogolo pa onse kupezeka ndi matendawa, chifukwa amphongo amayenda mitunda yaitali, amanyambitana, ndipo m'nyengo yokwerana amanunkhiza ndi kunyambita mkodzo wa akazi ambiri. Kawirikawiri elk a m'mapiri omwewo amapezeka nawo mochepa kusiyana ndi mule deer, choncho zotsatira ziwirizi sizinandidabwitse. Nyama yomwe mlenje aliyense amailakalaka, yaikulu ndi ya nyanga zambiri, ndi yomweyonso ife timaikayikira kwambiri.

Za anthu omwe anadya

Titafika pa nkhani ya mdzukulu sindinapite m'mbali. Ndinawauza zinthu ziwiri zomwe zonse ndi zoona, ngakhale kuti anthu ambiri amafuna kumva chimodzi chokha. Choyamba, palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anatsimikizidwa kuti anatenga CWD, ngakhale kuti alenje a ku Colorado ndi Wyoming akhala akudya nyama ya m'madera amenewa kwa zaka makumi angapo, ndipo ambiri ankadya kupima kusanafale. Chachiwiri, bungwe la zaumoyo la ku United States la Centers for Disease Control and Prevention limalangiza kuti nyama yopezeka ndi matendawa isadyedwe, ndipo World Health Organization yakhala ikunena kuyambira 1997 kuti ma prion a mtundu uliwonse asalowe m'chakudya cha anthu. Langizo limeneli linachokera pa zomwe zinachitika ku Britain, komwe matenda a ubongo a ng'ombe otchedwa BSE anazindikirika mu 1986, akuluakulu n'kumatsimikizira anthu kuti nyama ya ng'ombe ilibe vuto, mpaka mu March 1996 pomwe boma linavomereza kuti pali matenda atsopano mwa anthu, otchedwa variant Creutzfeldt-Jakob disease, omwe ayenera kuti anachokera ku ng'ombezo. Anthu 178 anafa nawo m'dzikolo. Chiwerengerochi n'chochepa poyerekeza ndi mamiliyoni omwe anadya nyamayo, ndipo chimasonyeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: mpanda wa pakati pa nyama ndi munthu ndi wolimba, koma unadumphidwapo kale.

Zoyesera za m'malabotale sizinagwirizane, ndipo ndinaona kuti ndi bwino bamboyo amve zimenezi kwa ine asanazipeze pa intaneti zitakometsedwa kapena kuopsezedwa. Anyani ang'onoang'ono otchedwa squirrel monkey amatenga CWD. Pa anyani a mtundu wa macaque, omwe ali pafupi kwambiri ndi munthu, ofufuza a Rocky Mountain Laboratories ku Hamilton m'chigawo cha Montana analengeza mu 2018 kuti atawatsata kwa zaka zoposa khumi sanapeze matenda, pomwe gulu lina lotsogoleredwa ndi Stefanie Czub wa ku Canada linanena pa msonkhano mu 2017 kuti ena mwa anyani awo, kuphatikizapo omwe anadyetsedwa nyama, anaonetsa zizindikiro. Mu 2022 a ku University of Calgary anapeza kuti mbewa zosinthidwa kuti zikhale ndi puloteni ya munthu zinadwala zitabayidwa ma prion a gwape mu ubongo, koma mu 2024 a ku Hamilton aja anaviika timinofu ta ubongo wa munthu tomeretsedwa mu labotale mu ma prion ambiri a CWD ndipo sitinagwidwe. Ine ndimawerenga zonsezi motere: mwayi woti munthu adwale chifukwa chodya kawiri kapena katatu ndi wochepa kwambiri, koma CWD ili ndi mitundu ingapo yomwe siichita mofanana, ndipo matenda a ma prion mwa anthu amatha kubisala zaka zambiri, choncho palibe chifukwa chopitirizira kudya nyama yomwe tadziwa kuti ili nawo.

Chomwe chinawakhazika mtima pansi kuposa zonse ndi nkhani ya ku Verona, m'boma la Oneida ku New York, komwe mu March 2005 anthu oposa 200 anadya pa phwando la alenje nyama ya gwape woweta yemwe pambuyo pake anapezeka ndi CWD. Ofufuza a ku Binghamton University anatsata anthu 81 mwa amenewo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sanapeze chizindikiro cha matenda a ubongo otere. Zaka zisanu ndi chimodzi ndi zochepa pa matenda a mtundu umenewu, ndipo ndinawauza zimenezo. Popeza ine si dokotala wa anthu, ndinawalangiza kuti aliyense wodya akauze dokotala wake kuti zilembedwe m'mbiri yake ya zaumoyo, tsiku ndi kuchuluka kwa zomwe anadya, ndipo ndinawachenjezeratu kuti palibe mankhwala omwe munthu angamwe atadya kale, kuopa kuti angataye ndalama pa zinthu zopanda pake.

Nyama, zida ndi mafupa

Pa nyama ya gwape panalibe zokambirana zambiri. Kuphika, kuwamba, kuyanika kapena kuumitsa mufiriji sikuwononga ma prion. Paul Brown ndi anzake anasonyeza mu 2000 kuti ma prion a scrapie anatsalabe ndi mphamvu pang'ono atawotchedwa pa madigiri 600 mpaka kusanduka phulusa. Bamboyo anali ndi mantha ndi lamulo loletsa kutaya nyama yodyeka, lomwe alenje a ku Wyoming amalilemekeza kwambiri, koma nyama yotsimikizidwa kuti ili ndi CWD ndi yololedwa kutayidwa, bola ikatayidwe kumtaya wovomerezeka komwe zinyalala zimakwiriridwa mozama. Chowawa chinali cha elk. Minofu ikuluikulu yomwe inadulidwa kutchire n'kukulungidwa payokha inali isanakhudzane ndi gwape, ndipo titaunika m'mene inayendera tinagwirizana kuti ikhoza kusungidwa. Koma ina inadulidwa pa thabwa lija gwape atachokapo kumene, ndipo soseji yonse inali yosakanikirana. Zimenezo zinapita kumtaya pamodzi ndi gwape, ndipo bamboyo anayenda okha ku nyumba ziwiri zija kukatenga zomwe anagawa. Anandiuza kuti kugogoda pa khomo la mnansi kukalanda mphatso kunawachititsa manyazi kuposa china chilichonse pa nkhani yonseyi.

Ku butchala kuja nkhani inali yovutirapo. Ndinalankhula ndi mwini wake, yemwe anavomera kuti m'nyengo yosaka, ntchito ikachuluka, tizidutswa ta soseji ta alenje angapo timagayidwa pamodzi ndipo aliyense amabwezeredwa molingana ndi kulemera kwa zomwe anabweretsa. Ndiye kuti gwape uja analowa m'soseji ya mabanja ena osadziwa kanthu, ndiponso soseji yomwe bamboyo analandira inali ndi nyama za anthu ena zomwe mwina sizinapimidwe n'komwe. Mwini butchalayo analonjeza kuimbira omwe anali m'gulu la tsiku limenelo. Sindikumuona ngati munthu woipa, chifukwa kugaya nyama iliyonse payokha ndi kutsuka makina pakati kumadya nthawi ndipo alenje ambiri safuna kulipira mtengo wake. Komabe mlenje wa m'dera la CWD ayenera kufunsa asanasiye nyama yake, ndipo akayankhidwa kuti imagayidwa pamodzi ndi bwino aisunge mpaka zotsatira zituluke.

Pa zida ndinatsatira zomwe a ku Hamilton anapeza mu 2019, kuti mankhwala oyeretsera aja a chlorine omwe ambiri timawatcha jiki amatha kupha mphamvu ya ma prion a CWD pa chitsulo chosachita dzimbiri. Muyezo wake ndi magawo awiri a jiki pa magawo atatu a madzi, ndipo chitsulocho chimaviikidwa mphindi zisanu. Chofunika kuchidziwa n'chakuti mankhwalawa salowa m'kati mwa kachidutswa ka nyama, moti mpeni uyenera kuyamba wapalidwa ndi kutsukidwa mpaka osatsala kanthu, makamaka pomwe chitsulo chimalowa m'chigwiriro. Mipeni iwiri yachitsulo chokhachokha tinaipulumutsa motero. Thabwa linatayidwa, pakuti mtengo umamwa madzi a nyama ndipo uli ndi ming'alu yosawerengeka, ndipo mpeni wa sowo unatayidwanso chifukwa unadutsa mu mtsempha wa mumsana ndi mu ubongo, momwe ma prion amachuluka kuposa pena paliponse. Nyanga anazisunga atapala chigaza chake mpaka fupa kuyera n'kuchiviika mu jiki yemweyo.

Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri ine monga dokotala wa nyama ndi mafupa a m'chigwembe aja, ngakhale kuti bamboyo ankawaona ngati nkhani yaing'ono. Malamulo a ku Wyoming amati mutu ndi msana zitsale pomwe nyama yagwera kapena zikatayidwe kumtaya wovomerezeka, ndipo chifukwa chake chili m'dothi. Michael Miller ndi anzake ku Colorado anafalitsa mu 2004 zomwe anapeza ataika agwape athanzi m'makola opanda nyama: ena anadwala m'khola lomwe agwape odwala anachokamo zaka zoposa ziwiri m'mbuyomo, ndipo ena anadwala m'khola lomwe munaolera mtembo wa gwape wodwala pafupifupi zaka ziwiri m'mbuyomo. A ku University of Wisconsin anapeza kuti ma prion amamatirira mwamphamvu ku dongo la mtundu wa montmorillonite, ndipo akamatirira choncho mphamvu yawo yopatsira kudzera m'kamwa imakula m'malo mochepa. Agwape amadya dothi pofuna mchere, ndipo amakonda kununkhiza ndi kunyambita pomwe pali mafupa. Mwa njira imeneyi matenda omwe akanatenga zaka kuyenda ndi miyendo ya gwape amafika ku dera latsopano pa galimoto m'maola ochepa.

Ndinapita kufamuko Loweruka lotsatira. Msana tinaupeza utakokeredwa mamita angapo kuchoka pomwe unaponyedwa, nthiti zina zitamwazika m'udzu, ndipo panali mapazi a ankhandwe otchedwa coyote pamodzi ndi a agwape pa matope a m'mbali mwa kamtsinje. Titavala magolovesi tinatola chilichonse chooneka n'kuika m'matumba awiriawiri, tinapala dothi la pamwamba pomwe mutu unagona, ndipo zonsezo zinapita kumtaya. Sindinawanamize kuti malowo ayera, chifukwa palibe njira yotsukira dothi la kutchire. Ndinawapempha kuti atchingepo ndi waya wautali komanso achotse mchere wonyambita womwe anaika chapafupi, womwe ankati ndi wa ng'ombe koma agwape ankaupezanso. Za ng'ombe zawozo ndinawauza kuti m'kafukufuku wina wa ku Wyoming ndi Colorado ng'ombe zinakhala zaka khumi pamodzi ndi agwape ndi elk odwala ndipo palibe inatenga matendawa. Ndinadziwitsanso woyang'anira nyama zakutchire wa m'deralo kuti agwape ophedwa kapena opezeka atafa cha kumeneko azipimidwa.

Pounika nkhaniyi ndikuona kuti gawo lina la kulakwa linali langa. Ndinapima nyama koma sindinafunse za ulendo wa nyamayo, ndipo mphindi ziwiri zokha pa malo opimira paja zikanateteza soseji, thabwa, sowo ndi chigwembe. Mtima ndi fileti zokha ndi zomwe zinali zitadyedwa kale. Kuchokera nthawi imeneyo mlenje aliyense ndimamufunsa mafunso atatu ndisanamupatse nambala yake: ngati wadyako kale, komwe akukadulira, ndi komwe mutu ndi msana zikupita. Ndimamuuzanso kuti achotse mnofu ku mafupa popanda kudula msana, asiye ubongo, maso, kapamba ndi timibulu tonse, akulunge nyama iliyonse payokha ndi kulembapo nambala ya chiphaso, kenako aiiwale mufiriji mpaka yankho libwere. Ena amaona ngati ndikuwachedwetsa, makamaka mzere ukatalika.

Bamboyo anabweranso chaka chotsatira ndi gwape wamphongo wamng'ono wa chaka chimodzi ndi theka, wochokera m'mapiri omwewo, chifukwa anati sangasiye malo omwe bambo awo anawaphunzitsira kusaka. Nyama inali itachotsedwa kale ku mafupa, ili m'bokosi lozizira lolembedwa nambala, msana utatsala kutchire, ndipo mutu unali m'matumba awiri. Ndinawafunsa za mtima wa gwapeyo, ndipo anatsegula bokosi n'kundionetsa uli m'kathumba kakekake, wosadyedwa. Mwa gwape ameneyo matendawa sanapezeke. Waya wa pa chigwembe paja anati ukadalipo, ndipo mwa agwape a m'mbali mwa kamtsinje omwe apimidwa kufikira pomwe ndikulemba lipoti ili palibe wapezeka ndi CWD, ngakhale kuti nthawi yomwe yapitapo sinakwane n'komwe yomwe matendawa amatenga kuti aonekere m'gulu la nyama.